Sowo ya Apongozi Siima Msanga

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 26, wa mwana mmodzi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndiye mukaona kalatayi ikupita uku ndi uku mungondipirira. Mawu ondipepesa sindikuwafuna, andikwana kale kuno. Ndikufuna mundiuze chochita ndi manja angawa lisanafike Lamlungu.

Kwathu ndi kwa Dambe, koma ndili pachikamwini kufupi ndi Kachebere, m'mbali mwa msewu wopita kuboda. Apongozi anga aamuna ali ndi shedi ya ukalipentala. Iwo kwawo ndi kwa Zulu, anabwera kudzakwatira pamudzi pano ine ndisanabadwe, shediyo n'kuimanga kuseri kwa nyumba ya akazi awo. Timapanga mipando, zitseko, mabenchi a m'tchalitchi, ndi mabokosi a maliro zikavuta. M'shedimo muli makina amodzi ocheka matabwa, aja timati bendiso. Ngati simunawaonepo, ndi magudumu awiri achitsulo, lina pamwamba lina pansi, ndipo sowo yake ndi kalamba kachitsulo ka mano kozungulira pa magudumuwo. Anawagula akale ku esiteti ina ya fodya itatsekedwa. Woyendetsa ndine, chino ndi chaka chachitatu.

Vuto lake ndi ili. Ukazimitsa swichi, mota imasiya kulira pomwepo, koma sowo siima. Magudumu aja ndi olemera, amangopitirira okha mwakachetechete. Ukayang'ana, mano suwaona, umangoona ngati kawaya kowala kangoima. Tsiku lina ndinafuna kudziwa kutalika kwake. Ndinanena Atate Wathu kawiri mpaka Amen, gudumu likuyendabe. Pafoni inakwana miniti imodzi ndi masekondi 20.

Tsono pali nkhani ya utuchi. Nkhuni kuno zinavuta, amayi ambiri amaphikira utuchi pa mbaula zija zotsendera, ena amathira m'khola la nkhuku. Apongozi sagulitsa, amati ndi wa amene wafika msanga. Ndiye amayi amakhala pansi pa mtengo wa mango ndi matumba awo, nkhani zili mkati koma makutu ali kushedi. Mota ikangoti zii, belu lawo ndi limenelo, amathamangira kukapala pansi pa makina. Chitseko chachitsulo chotchinga gudumu lapansi chinachotsedwa kalekale poti chinkasokoneza popala. Panopa chikuvindikira mgolo wa madzi wa apongozi aakazi.

Ndisabise, Aphungu. Amene anauza mkazi wanga Stelia kuti azithamanga ndine. Ndinatopa kumuona akubwerera ndi thumba lopanda kanthu, mwana wa mwini shedi, alendo atapala kale. Ndinamuuza kuti, "Iwe usamadikire kuti ndikuitane. Ukangomva yazima, lowa." Mawu amenewa ndi amene ndikudziimba nawo mlandu.

Ife tikafuna kuti sowo iime msanga, timatenga chidutswa cha thabwa n'kukanikiza pa mano mpaka iime. Anandiphunzitsa choncho ndi a Vitus, amene ankayendetsa makinawa ine ndisanabwere. A Vitus ali ndi zala zitatu kudzanja lamanja, pano amagulitsa tomato pamsika. Anthu amanong'ona kuti makinawo anafuna magazi, ati apongozi anakhwimira. Zimenezo ine sindizidziwa. Ndinangowafunsa a Vitus eni ake kuti zinatani, iwo anati, "Aphwanga, inali itazima. Ndimangochotsa kachidutswa patebulo basi."

Lachiwiri la sabata yatha, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinkacheka miyendo yopindika ya mipando. Ndinazimitsa n'kutuluka kukatenga thabwa lina. Pobwera ndinapeza Stelia wagwada kale ndi thumba lake, cha kumbali. Mwana wathu Princess, wa zaka ziwiri ndi theka, anali atamutsatira iye osadziwa, atanyamula kapu yake yofiira ya pulasitiki, naye akufuna kupala ngati amake. Iye sanapite kumbali ayi. Analunjika pamene utuchi umagwera wambiri, pakamwa penipeni pamene panali chitseko paja, n'kutambasula dzanja.

Ndinangomva kuti tcha! Kapu inathawa m'manja mwake n'kukagwa uko itang'ambika pakati. Mmene ndinalumphira sindikudziwa. Mwana ndinamukankha ndi mwendo, n'kutola chidutswa cha mlombwa, n'kuchibaya pa mano ndi mphamvu zanga zonse. Sowo inaduka, inakwapula ngati chikoti n'kunditema pamkono. Kuchipatala anandisoka masitichi seveni. Mwana alibe bala ngakhale limodzi. Analira, koma ankalirira kapu yake.

Kapuyo ndikuyenda nayo m'thumba la jekete. Ndinayeza ndi tepi, kuchokera pachogwirira kufika pamene mano anadutsa sipakwana inchi imodzi.

Apongozi atafika, ine magazi ali chuchuchu, anayamba aona makina. Mukudziwa mwambo wathu, mpongozi ndi mkamwini sitiyang'anana m'maso, ndipo mawu olemera sitiuzana tokha. Ndiye anatola sowo yodukayo, n'kuyang'ana kudenga, n'kuuza malata kuti, "Sowo iyi inachokera ku Chipata. Sinathe ndi mwezi womwe." Atatero ndi pamene anafunsa Stelia kuti, "Mwana ali bwino?" Za mkono wanga anafunsa mawa lake, kudzera mwa akazi awo.

Zaka zitatu tagwira ntchito m'shedi imodzi chonchi. Akafuna kundidzudzula amauza thabwa: "Thabwa ili likanachekedwa mowongoka." Ine ndimayankha thabwa lomwelo: "Lichekedwanso." Pa ntchito zimayenda ndithu, tinazolowera. Koma kuuza munthu wamkulu kuti makina ake adzadula mdzukulu wake, ndiuza thabwa liti?

Ndinatuma Stelia. Anapita, anakagwada, n'kunena kuti bambo a Princess akuti makina akufunika buleki. Yankho lake ndikulemba mmene anandiuzira: "Makina amenewo aphunzitsa ana anga onse opanda buleki. Buleki ndi ya galimoto. Pano wofunika buleki ndi mkazi wosagwira mwana ndi mwamuna wamantha. Akafuna za mabuleki akamange shedi yake kwa Dambe." Apongozi aakazi nawo anathirapo mchere. Akuti ndikufuna kudzutsa mphekesera za a Vitus zija, kuti anthu aziti ngakhale mkamwini waona kuti makinawo ali ndi kanthu.

Nkhani inatuluka, sindikudziwa anaitulutsa ndani. Ndikamadutsa pasiteji, a kabaza amakuwa kuti, "A Buleki, mwadzuka bwanji? Tagwirani pang'ono tidutse!" Ndimaseka nawo, nanga nditani.

Stelia sakundilankhula bwino. Akuti, "Munandiuza ndinu kuti ndizithamanga. Lero kwa makolo anga wosasamala ndine, inu muli phee ndi bandeji yanu, anthu akukumverani chisoni." Akunena zoona.

Sowo yatsopano inabwera Lachisanu. Ndinaimanga ndekha ndi mkono wosokawu, ndipo makina akuyenda monga kale, chitseko chikadali pamgolo. Dzulo ndinaona mayi wina atabereka khanda, wawerama pomwe paja, nsonga ya chitenje ikupepeluka pafupi ndi gudumu. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Iye anangodzuka n'kundiyang'ana ngati ndapenga, ati, "Iii, si mwazimitsa kodi?"

China ndi ichi. Swichi yathu ndi ya pakhoma, yonga ya getsi la m'nyumba. Magetsi akazima ntchito ili mkati, nthawi zina timaiwala kuibweza. Akabwera, makina amadzuka okha popanda munthu. Zachitika kawiri ine ndikuona.

Ndiye ndaganiza chonchi. Buleki ya njinga ndimaidziwa, ndinapalasapo kabaza chaka chathunthu. Timalabala tiwiri timapana limu ya gudumu uku ndi uku, njinga n'kuima. Ndasema timatabwa tiwiri ta mlombwa, ndakhomapo labala ya tayala, waya wa buleki ndi chogwirira chake ndili nazo. Ndikufuna ndimange pansi pa tebulo la makina, kuti ndikafinya, timatabwato tizipana sowo mbali zonse ziwiri, kumbuyo kwa mano. Ndichita Lamlungu likubwerali apongozi ali kutchalitchi, poti ndi mkulu wa mpingo, satuluka 2 koloko isanakwane. Pansi pa tebulo sayang'anapo, mawondo sawalola. Mnzanga Davie, wowotcherera komanso wokonza njinga zamoto, wakana kundithandiza. Akuti, "Amwene, zobisa ine ayi. Komanso chinthu chanuchi chikuoneka ngati msampha wa mbewa." Koma china chabwino sanandiuze.

Kodi timatabwa tangati tigwira? Ngati sitigwira, chogwira n'chiyani, choti munthu wa Sitandade 5 angapange ndi zinthu zopezeka ku Mchinji kuno? Nanga apongozi ndiwatani? Musandiuze zochoka. Luso langa ndi makina omwewa, kwathu munda anagawana kale. Ndiponso ndikachoka, mwana atsala, poti ndi wa pamudzi pano, ndipo azikasewera pa utuchi womwewo ine kulibe.

Musandiuzenso kuti ndipemphere. Ndinapemphera kawiri, gudumu silinaime.

L. M., Mchinji

*

A L. M.,

Timatabwa tanuto kasonkhezereni moto lero lomwe. Ndayambira pamenepa chifukwa Lamlungu lili pafupi, ndipo ndikuona kuti ndinu munthu wochita chimene mwanena.

Kalata yanu ndinapita nayo kwa mmisiri wina amene wakalambira pa makina a matabwa. Atafika pa timatabwa topana sowo anagwira kumutu, n'kunena kuti, "Muuzeni mwanayo, sowo sigwiridwa. Chogwira ndi gudumu." Limu ya njinga ndi chitsulo cholimba chomangidwa ndi masipoko. Sowo ndi kalamba kopyapyala kongokhala pa magudumu chifukwa chokokedwa. Mukakapana, magudumu olemera aja apitiriza kukakoka, ndipo kaduka kapena kavuka, inu muli pomwepo. Labala nayo ikakhula chitsulo chothamanga imatentha, pansi pake pali utuchi wouma. Chimene sowo imachita ikagwidwa modzidzimutsa munachiona kale Lachiwiri, chili pamkono panupo. Davie sanalakwe, ndi msampha ndithu, koma mbewa yake ndinu.

Buleki yeniyeni ndikuuzani, koma tiyambe ndi zimene sizifuna chilolezo cha munthu.

Mukudziimba mlandu pa mawu amene munauza Stelia. Inde, anali mawu oipa. Koma cholakwa chachikulu cha tsiku lija n'chakuti munazimitsa makina n'kuwapatsa msana. Miniti imodzi ndi masekondi 20 amenewo ndi anu, ndi gawo la ntchito ngati kucheka komwe. Kuyambira mawa, mukazimitsa imani pomwepo mpaka mano aoneke limodzilimodzi. Zobaya thabwa pa mano zithe. Anakuphunzitsani ndi munthu wa zala zitatu, ndipo sindikunena monyoza, ndikunena kuti muwerenge zalazo. Magetsi akazima, dzanja lanu liyambe lapita pa swichi musanadandaule n'komwe.

Amayi aja safuna makina anu, akufuna utuchi. Muziupala nokha, makina ataima ndiponso pulagi itazulidwa, n'kukauthira pansi pa mango pomwe amakhalapo. Akaupeza panja kawiri katatu, belu lija asiya kulimvera. Pakhomo la shedi khomani kachitseko ka matabwa kofika m'chiuno, kotseka mpaka pansi, koti mwana wa zaka ziwiri sangakwawe kunsi kwake. Ndinu kalipentala, ndi ntchito ya theka la tsiku. Mukatero, apangireni apongozi aakazi chivindikiro cha mgolo uja, cha thabwa, chosalala bwino, chokhala ndi chogwirira, mukapereke ngati mphatso. Chitseko chachitsulo chija chidzapezeka chilibe ntchito pamgolo. Mmisiri uja anati pa zonse zimene mwalemba, chimene chikanateteza Princess koposa ndi chitseko chimenecho, osati buleki.

Tsopano buleki. Ndime izi mukamuwerengere Davie, ndi ntchito yake. Ikhale ya phazi, kuti manja anu asachoke pa thabwa, ndipo igwire gudumu lapansi. Pafunika chitsulo chachitali chomangidwa ndi bawuti ku thupi la makina, choti chizitha kupendama. Mbali imodzi ikhale chopondera, chotulukira pamene mumaima pocheka. Mbali inayo amangepo kachitsulo kopindika ka buleki ya njinga yamoto, kaja kamagwira mkati mwa gudumu lakumbuyo. Kazikhudza mkati mwa mkombero wa gudumu, posalala, pamene sowo sidutsa. Ngati gudumu lanu lilibe malo otero, kazigwira m'mbali mwa pule yachitsulo ya pa shafiti ya gudumu lomwelo, kagudumu kaja kozunguzidwa ndi lamba wa mota, koma kutali ndi lambayo. Sipuling'i yolimba izibweza chopondera m'mwamba, kuti buleki isamakhudze kanthu mukamacheka. Pa gudumu penipenipo asawotchererepo kanthu ndipo asaliboole, lingayambe kugwedera kapena kusweka. Bawuti iliyonse ikhale ndi manati awiri. Makina amanjenjemera tsiku lonse, ndipo chitsulo chomasuka chikagwera m'gudumu lothamanga, ngozi yake iposa imene mukuithawayi.

Buleki isamalimbane ndi mota. Apa mufunika wamagetsi wodziwa ntchito yake, osati wongolumikiza mawaya ndi pepala la shuga. Achotse swichi ya pakhoma ija, aike sitata ya mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira. Imeneyi magetsi akazima imadzimasula yokha, ndipo makina sadzukanso mpaka munthu adine batani. Ikakhalapo, angathe kuika kaswichi kena pansi pa chopondera, kodula magetsi phazi likangoyamba kutsika, buleki isanagwire. Koma kaswichi kameneka asakaike popanda sitata ija, chifukwa mukadzachotsa phazi makina adzadzukanso. Ngati sitata ichedwa kupezeka, lamulo ndi limodzi: swichi poyamba, phazi pambuyo.

Popondapo musamachite ngati mukupha njoka. Munapalasapo kabaza, mukudziwa mmene munkaimira mutanyamula mayi woyembekezera. Gudumu lapansi likaima mwadzidzidzi, lapamwamba limafuna kupitirira, sowo n'kuvuka. Ikamaima m'masekondi khumi, zakwana. Poyesa musathamange. Yambani pulagi itazulidwa, sowo itachotsedwa, muzungulitse gudumu ndi dzanja. Kenako yesani ndi magetsi koma popanda sowo. Pomaliza ndi sowo, zitseko zonse zitatsekedwa, m'shedi muli inu ndi Davie basi. Ndipo tsiku lililonse muzisesa utuchi pozungulira buleki, chifukwa pamatentha.

Zonsezi sizingabisike pansi pa tebulo, ndipo musayese. Mukachita mobisa, tsiku limene sowo idzaduke pa chifukwa china chilichonse, mlandu udzakhala wanu. Adzazula buleki, adzakuzulani ndi inu nomwe, mwana n'kutsala pa utuchi monga mukuopera. Komanso wina angadzayatse makina osadziwa kuti kunsi kuli chitsulo chachilendo.

Kwa apongozi munalakwitsa mthenga. Stelia ndi mwana wawo, ndiponso ndi amene akulozedwa chala, mawu ake sakanalemera. Mwambo umene wakutsekani pakamwawo unasiya khomo lake, ndi ankhoswe. Ndipo mwalemba nokha chinthu chimene simunachione. Apongozi anu aamuna kwawo ndi kwa Zulu. Pamudzi pamenepo nawonso ndi mkamwini ngati inu, angokhalitsa. Shedi ndi yawo, makina ndi awo, koma Princess ndi mbumba ya atsibweni ake a Stelia, alongo awo a apongozi anu aakazi. Munthu amene angauze apongozi anu aamuna mawu olemera maso ndi maso ndi ameneyo. Pitani kwa ankhoswe anu, apite nanu kwa atsibweniwo sabata ino.

Kumeneko musakanene kuti makina ndi oipa, musakatchule zokhwima, ndipo a Vitus musawatenge. Dzanja lawo lingakalankhule mokweza kwambiri, ndipo munthu wamkulu akachita manyazi pagulu amauma mutu. Mukayambe ndi mlandu wanu: munene pamaso pa onse kuti amene anauza Stelia kuti azithamanga ndinu. Mkazi wanu wasenza katundu wanu sabata yathunthu, mutuleni. Mukatero tulutsani kapu ija m'thumba, muiike pamphasa, muonetse pamene mano anadutsa ndi pamene panali zala za mwana. Musawonjezepo mawu ambiri. Za mphekesera, atsibweni adziwa okha chowauza alongo awo: chimene chidzatsimikize za a Vitus si buleki ayi, ndi magazi enanso pa makina omwewo.

Sindikunamizani kuti zikoma. Akavomera, sadzakuthokozani. Pakatha chaka mudzawamva akuonetsa makasitomala chopondera chija, akuti anaganiza okha. A kabaza nawo dzina lija sadzalisiya. Mezani zimenezo, sizidula chala cha munthu.

Chenjezo langa ndi ili. Buleki sidzapulumutsa dzanja lanu pamene mukucheka, pamenepo muzikankha thabwa ndi kamtengo likamafika kumapeto. Sidzapulumutsanso mwana amene wafika kale pa gudumu, masekondi khumi ndi ambiri kwa dzanja laling'ono. Ntchito yake ndi kufupikitsa kachetechete uja basi. Musadzaike buleki n'kuyamba kupatsanso makina msana.

Ndipo akakana zonse, kumbukirani kuti m'shedimo woyendetsa makina ndi mmodzi, ndipo mabenchi a tchalitchi sadzicheka okha. Simufunika kukuwa, simufunika kuwayang'ana m'maso. Lolemba m'mawa, chitseko chikadali pamgolo, apongozi akauza thabwa kuti lichekedwe, inu muyankhe thabwa lomwelo, mwaulemu, maso pansi: "Lidikira chitseko."

Aphungu